Ndine Ndinamanga Kapaipi ka Amayi Ako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kukufunsa za moyo. Uli bwanji kumeneko, iwe ndi amuna ako? Nanga kamdzukulu kanga, chifuwa chija chinakasiya? Ukazikaveka juzi, usamamvere zoti kakukana.

Ife kuno tilipo, koma ndikanena kuti tili bwino ndikhala ndakunamiza, ndipo bodza ndatopa nalo. Ndikulemba ndili pa benchi ya m'khonde la chipatala, kunja kwa wodi ya amayi ako. Nthawi yoona odwala yamasana yatha, yamadzulo sinakwane. Mapepalawa ndang'amba m'buku langa lolembamo miyezo ya mapaipi, ndiye ukaona zala zamafuta m'mphepete usadabwe. Ndikamaliza ndiwajambula ndi foni n'kukutumizira, chifukwa a positi sangafike nayo Lachinayi lisanakwane.

Udabwa kuti bambo ako, amene uthenga wawo wapafoni supitirira mawu atatu, lero alemba kalata. Ndayesa katatu kukuimbira kuti ndinene pakamwa. Katatu konse wandiyankha mwaulemu, wandifunsa ngati ndadya, ine n'kuyamba kukamba za mvula. Za amayi ako sunafunse, inenso sindinayambitse. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chiyambire iwe kusalankhula nawo.

Za opaleshoniyi iwe ukudziwa kuposa ine, poti ndiwe unaiwerenga mpaka kuiloweza, ndiwenso unawalimbitsa mtima amayi ako pamene shuga ndi maondo zinawafika pakhosi. Koma ndilole ndiinene mmene ndinaimvera ine pulambala. Anadula chifu n'kusiya kathumba kakang'ono ngati dzira, n'kukalumikiza ku matumbo, kuti munthu azidya pang'ono thupi lichepe. Pamene analumikizapo ndi pamene pavuta. Pamsoko pali kabowo, akuti kosaposa mutu wa machesi, ndipo zam'mimba zikutulukira pamenepo n'kumapita kumene siziyenera kupita.

Amayi ako ali ndi masiku khumi ndi atatu osalawa kanthu, ngakhale dontho la madzi. Chakudya chimalowa ndi kachubu kam'mbali mwa mimba, kukankhidwa ndi makina amene amalira ngati foni yakutha batire. Mankhwala opha tizilombo amalowera m'diripi. Milomo ikauma ndimanyowetsa kansalu n'kuwapukuta, ndipo ndimawayang'anitsitsa kuti ndione ngati sakukayamwa. Botolo langa la madzi ndimakamwera kuno kukhonde.

Dzulo anawayesanso. Amawapatsa supuni ya mankhwala abuluu kuti ameze, kenako tonse timayang'ana kathumba kamene kalendewera pambali pa bedi, kolandira zotuluka m'mimba. Kakakhala koyera ndiye kuti bowo latsekeka. Tinadikira, ine ndikupemphera chamumtima, ndipo pasanathe mphindi khumi buluu anayamba kutsika m'kapaipi. Amayi ako anati tsopano asanduka bolopeni yodontha, tisawaike m'thumba la malaya. Anesi anaseka. Ine ndinalephera.

Zimenezi ndi zimene ukanamva ukanafunsa. Tsopano ndinene zimene sukanamva kwa wina aliyense.

Ukukumbukira kuti atachitidwa opaleshoni anawatulutsa patatha masiku anayi, ali ndi kapaipi kamodzi kam'mimba ndi kathumba kake. Amayi ako ankakatcha chikwama chawo cham'manja. Tisananyamuke, nesi wina wamagalasi anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa. Anati ndizikhuthula kathumbako m'mawa ndi madzulo, ndizilemba muyezo wake, ndipo madziwo akachuluka, kapena akasintha mtundu, kapena thupi likatentha, ndiimbe nthawi yomweyo nambala imene analemba papepala. Ine ndinkangogwedeza mutu. Ndinamuuza kuti mapaipi ndagwira zaka makumi atatu ndi chimodzi, iye asanabadwe n'komwe, ndiye asadandaule. Anaseka mwaulemu. Paja amati Ndadziwa Kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndiye mmisiri wake ndi ine.

Masiku awiri oyamba zonse zinali bwino. Timadzi tinkatuluka tochepa, tofiirira pang'ono. Lachiwiri m'mawa ndinapeza kathumba kafika pakati, ndipo madzi ake anali ambuu, ngati otsukira kapu ya mkaka. Ndinakhuthula, ndinakavala ovolosi, pobwerera kuchipinda ndinapeza ayambanso kudzadza. Nthawi yonseyi foni ikulira. Mayi wa saluni ya pafupi ndi siteshoni paipi inamuphulikira, madzi anali atafika m'mawaya, ndipo ankalankhula ngati ndine ndaphulitsa.

Ndinaima pakhomo la chipinda, bokosi la zida lili m'manja, ndikuwerengera. Munthu amene akumwa madzi a pasupuni, angataye bwanji madzi ochuluka chotere osauma? Mutu wanga unandiuza zimene wakhala ukundiuza moyo wanga wonse, kuti chodontha umachitseka kaye, zokambirana pambuyo. Ndinatsegula bokosi, ndinatenga kamphira kaja ndimadula ku chubu cha njinga. Ndinakatsuka ndi sopo, mwana wanga, ndinakatsuka kawiri, ndikudziona ngati munthu wosamala. Ndinapinda kapaipi ka amayi ako kawiri n'kumanga zolimba, mmene ndimamangira paipi ya madzi ndikamadikira chotsekera chatsopano.

Amayi ako anandifunsa ngati anesi analola zimenezo. Ndinawayankha kuti nesiyo ndi mwana wadzulodzuloli, ndipo ndangotseka kuti thupi lisunge madzi ake mpaka ndibwere. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati chabwino, amisiri ndinu. Pepala la nambala lija linali pachitseko cha firiji. Ndinalidutsa potuluka.

Nditabwera madzulo kathumba kanali kouma. Ndinalemba ziro papepala la miyezo, n'kuwauza kuti aone dzanja la mmisiri. Anati m'mimba akumva kulemera, ine ndinati ndi mpweya. Sindinamasule. Lachitatu m'mawa anadandaula kuti phewa lakumanzere likuwawa, ine ndinati agonera, n'kuwapaka mafuta otentha aja, n'kupita kuntchito. Chakumasana mayi wa nyumba yapansi pathu anandiimbira kuti ndibwere msanga. Anakwera kudzawaona, n'kuwapeza akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akupuma ngati athamanga.

Masitepe athu ukuwadziwa. Tinawatsitsa pa mpando wa patebulo lodyera, ine ndi anyamata awiri a ambulansi, ndipo pa nsanjika iliyonse anthu ankatsegula zitseko n'kumayang'ana. Amayi ako, mmene analili muja, anapempha kuti tiwafunditse miyendo.

Kuchipatala mtima wawo unkagunda kopitirira ka 140 pa mphindi imodzi. Dokotala wawo, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, anabwera akuthamanga. Nesi atakweza diresi anapeza mfundo yanga. Anaidula ndi sizasi, ndipo zimene zinatuluka m'kapaipimo sindingakulembere, fungo lake likadali m'mphuno mwanga. Dokotala anatembenuka n'kufunsa kuti wamanga ndani.

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira kuti ndinatsegula. Koma amayi ako anakankha chopumira chimene anawaveka pamphuno n'kunena kuti ndi iwowo. Anati kunkabwera alendo kudzawaona, ndiye anachita manyazi ndi kathumba kodzadza zonyansa. Atanena choncho anandiyang'ana ndi diso lija amandiyang'ana nalo ndikafuna kulankhula zopanda pake pagulu. Ine ndinatseka pakamwa. Ndinaima pamenepo ngati mtengo, dokotala akuwadzudzula mofatsa munthu amene akulephera kupuma.

Tsiku lomwelo anawalowetsa kukatsuka m'mimba. Atatuluka, dokotala anandiitanira m'kachipinda kake n'kundijambulira papepala. Anati bowolo silinabwere chifukwa cha mfundo, limatha kuchitika ngakhale opaleshoni itayenda bwino, ndipo madzi ambuu aja anali chizindikiro chake. N'chifukwa chake amasiya kapaipi. Bowo likakhalapo, zoipa zimapeza njira yotulukira kunja, wodwala amasiya kudya, amapatsidwa mankhwala, ndipo nthawi zambiri thupi limatseka lokha. Tikanaimba Lachiwiri m'mawa, mwina bwenzi amayi ako atangogona sabata imodzi kapena ziwiri. Koma njira itatsekedwa, zonse zinabwerera mkati kwa tsiku ndi theka, n'kupanga mafinya mpaka kulowa m'magazi.

Anati pantchito yawo chodontha sachitseka kunja, amachipatsa njira. Ndinamva ngati wandimenya ndi sipanala yanga yomwe. Ndinangoti zikomo adokotala, n'kutuluka.

Kenako linafika Lamulungu lija unaimba. Amayi ako anali atangoyamba kulankhula, manja alibe mphamvu, ndiye foni ndinagwira ndine, mawu ako akumveka chipinda chonse. Unali utamva kale nkhani ya alendo ndi manyazi kwa azakhali ako. Unati wakhala zaka khumi ukuwachonderera. Unakumbutsa za mabisiketi ankabisa m'kabati ya nsapato, za mapiritsi a shuga ankaiwala dala, za dokotala wa maondo anamuthawa. Unati manyazi awowo ndi amene adzawaphe. Unamaliza ndi kunena kuti ngati atopa ndi moyo anene, asamavutitse anthu amene akuwafunira zabwino. Kenako unadula.

Sindikukudzudzula. Unalankhula ndi mantha, ndipo pa zimene unauzidwa, ndani sakanapsa mtima? Koma dziwa kuti amene anagwira foni ija ndi amene anamanga mfundo. Mawu alionse unanena anadutsa m'dzanja langa kupita kwa munthu wosalakwa. Ndikanatha kukudula mawu ndi chiganizo chimodzi. Sindinatero chifukwa ndinkaopa kuti mawu amenewo atembenukira kwa ine. Kumanga kapaipi kunali kupusa, koma kukhala chete tsiku lija kunali mantha enieni, ndipo ndi kumene kukundidya kwambiri.

Utadula, amayi ako anatembenukira kukhoma. Sanalire mokweza chifukwa kulira kumawakoka pamsoko. Ndinangoona pilo akunyowa.

Tsiku lotsatira ndinawauza kuti ndikuimbira ndikuuze zoona. Anandigwira mkono n'kundiletsa. Anati iwo ndi iwe munazolowera kukangana kuyambira uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, pa za madiresi, pa za sukulu, pa za kudya, ndipo mumakhululukirana nthawi ikakwana. Koma ine, akuti, sunandipezepo cholakwa chibadwire. Ndine amene ndinkakunyamula paphewa kupita nawe kuntchito, amene umauza anzako kuti palibe chimene bambo ako sangakonze. Anati mwana ali kutali, pakati pa anthu achilendo, ayenera kukhala ndi kholo limodzi limene akaliganiza mtima uzikhala pansi. Anati iwo katunduyu atha kumusenza, ndi wopepuka poyerekeza ndi thupi limene akhala akusenza zaka zonsezi. Ngakhale pamenepo ankafuna kuti ndiseke.

Ndinawamvera, ndipo ndivomere kuti ndinawamvera mosavuta, chifukwa zinandikomera. Ndinadziuza kuti ndikulemekeza zofuna za wodwala.

Koma ndakhala pambali pa bedi lija masiku asanu ndi anayi amenewa, ndipo ndaona zimene akusenzazo. Foni yawo ili m'kabati ya pambali pa bedi. Ikangolira amatembenuka msanga mpaka makina kuyamba kulira. Ndikaitenga n'kunena kuti ndi azakhali ako, kapena anzawo a pawindo la matikiti kuntchito, amati ndiwauze kuti agona. Safunsa ngati waimba. Amangondifunsa kuti kumeneko tsopano ndi nthawi yanji, ndikawauza amati ndiye kuti waweruka, kapena ndiye kuti ukusambitsa mwana. Tsiku lonse amakhala akukutsatira choncho.

Azakhali akonso akabwera sawasiya. Amakhala pamphepete pa bedi n'kumawauza kuti munthu wamkulu sachita zachibwana chotere. Amayi a bedi loyandikana nawo amawaloza kwa alendo awo kuti ndi aja anadzimanga okha. Amayi ako amangomwetulira. Kenako anthu omwewo amatembenukira kwa ine n'kumandiyamikira kuti amuna opirira chotere ndi osowa. Dzana azakhali ako anandibweretsera chakudya m'kontena, akuti ndisadwale ndi chisoni. Ndinakapatsa mlonda wa pageti.

Lero m'mawa ndinamudikira dokotala pakhomo la wodi n'kumuuza zonse. Sanadabwe. Anati nesi amene anadula kamphira kaja anamuuza tsiku lomwelo kuti mfundo ija sinamangidwe ndi wodwala wofooka manja, inamangidwa ndi munthu wodziwa ntchito. Anati ankangodikira kuti ndifike ndekha. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangotenga faelo n'kukonza pamene panalembedwa kuti wodwala satsatira malangizo. Kenako anandifunsa ngati mwana wathu akudziwa. Anati mankhwala akupereka, mafinya akuchotsa, koma wodwala wake sakulimbana nawo matendawa mmene ankalimbanirana nawo masiku oyamba aja, ndipo chimenecho alibe jekeseni wake.

Ndi chifukwa chake ndakhala pa benchi ino. Ndikuphwanya lonjezo limene ndinapanga kwa amayi ako, ndipo madzulo ano ndikalowa ndiwauza kuti ndaliphwanya. Akwiya, ndikudziwa. Bola akwiyire ine, mwina mkwiyowo uwapatsa mphamvu.

Tsopano za Lachinayi. Makina ojambula m'thupi, aja amati sikani, aonetsa kuti mafinya ena aunjikana pansi pa nthiti zakumanzere, ndipo bowo silikutsekeka lokha. Awagonekanso tulo. Akachotsa mafinyawo, kenako adzalowetsa kudzera kukamwa kapaipi kofewa kamene kadzakhala mkati n'kuphimba bowolo kwa milungu ingapo, kuti msoko upole zam'mimba zisakuukhudza. Dokotala akuti njirayi imathandiza ambiri. Koma sanandibisire kuti mtima ndi impso za amayi ako zatopa ndi zimene zadutsamo, ndipo kuwagoneka kachitatu m'masabata atatu si nkhani yamasewera. Ndinamufunsa kuti andiuze mosapita m'mbali. Anati akuyembekeza zabwino, koma ngati pali wina woti alankhule nawo, alankhule nawo asanalowe.

Mwana wanga, sindikupempha kuti undikhululukire. Zimenezo zili ndi nthawi yake, ndipo ikapanda kufika sindidzakudandaula. Madzi akatayika saoleka, ine ndikudziwa zimenezo kuposa munthu wina aliyense. Ngati mawu aja a Lamulungu akadalipo ena otsala, abweretse kwa mwini wake, ndiwalandira ndili chiimire. Uwauzenso amuna ako, usandisungire ulemu umene ndilibe. Azakhali ako ndiwauza ndekha mawa akabwera.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Uwaimbire amayi ako. Usadikire kuti mtima utsike kaye, kapena kuti upeze mawu abwino. Sakufuna kupepesedwa, ndipo ukayamba kupepesa akudula mawu n'kukufunsa ngati mwana wadya. Ungowalola amve mawu ako akuwaitana kuti amayi. Sindikufuna kuti alowe m'chipinda chija mawu omaliza amene anamva kwa mwana wawo mmodzi yekhayo ali aja ndinawagwirira ine foni.

Adzawatenga Lachinayi nthawi ya 9 koloko m'mawa, kumeneko idzakhala ili 7. Mawa tsiku lonse ali pabedi, kupatula chakumasana pamene amawasambitsa. Mawu awo ndi otsika chifukwa kukhosi n'kouma, ndiye uzimitse wailesi. Akakhala chete usaganize kuti foni yaduka, amakhala akupuma.

Ngati sukufuna kumva mawu anga, ndamvana kale ndi nesi wamagalasi uja. Foni ikalira n'kuoneka dzina lako, adzaigwira ndi iyeyo, ine ndidzatuluka kudzakhala pa benchi ino mpaka mutamaliza.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa apongozi ako. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pamphumi, ukauze kuti agogo ake aakazi amakafunsa tsiku ndi tsiku. Mulungu akusunge, akupatse tulo, akuteteze panjira ya kuntchito. Atsegula chitseko cha wodi tsopano, anthu ayamba kulowa, ndipo amayi ako akhala akuyang'ana pakhomo.

Ndine,
Bambo ako.